Ambuye M'bwezeni

Penti ija inali yabuluu, yotsala titapaka zitseko za makalasi, ndipo burashi ndinabwereka kwa mlonda wa pasukulu. Ndayamba ndi zimenezi kuti pasapezeke wina wonamizira amuna anga. Mawu amene anali kumbuyo kwa lole yawo ndinalemba ndine, ndi dzanja langali, Loweruka lina masana m'mwezi wa Julayi.

Ndine mphunzitsi. Kwathu ndi ku Chipata, koma ntchito inanditaya ku Chama ndili mtsikana, ndikulira njira yonse chifukwa anthu anandiopseza kuti kumeneko kuli kutentha kophika dzira ndi njovu zoyenda m'misewu. Kutenthako sananame. Ndinkati ndikhalako zaka ziwiri basi, koma ndinakumana ndi dalaivala wina wa ku Chikwa, wa mtundu wa Asenga, wamtali, wosathamangira kuyankhula, ndipo zaka ziwirizo zinaiwalika. Tinakwatirana, tinabereka ana awiri amene tsopano ali kusukulu zogonera komweko, ndipo mpaka lero amanditchula kuti ba ticha, ine n'kumawabwezera kuti ba draiva.

Lole imene ankayendetsa inali ya mkulu wina wamalonda wa ku Chipata. Ntchito yawo inali yotolera mpunga, thonje ndi chimanga ku Chikwa, ku Chifunda ndi m'midzi yozungulira boma, kukwera nazo kumtunda, n'kubwerako ndi simenti, mchere, shuga ndi feteleza. Msewu wake ndi woipa, wodya matayala ndi msana womwe, moti madalaivala ambiri ankaukana. Koma unali ndi ubwino umodzi umene ine ndinkauona woposa zonse. Lachisanu lililonse amuna anga ankagona kunyumba. Akazi anzanga okwatiwa ndi madalaivala a malole akuluakulu opita kumalire ankatha miyezi itatu osaona nkhope ya mwamuna, ena mpaka mwana kubadwa, kuyamba kukwawa, bambo ake asanamunyamulepo. Ine Lachisanu likafika ndinkachonga makope khutu lili kumsewu, ndipo ndinkaidziwa lole yathu ikadali kutali chifukwa inkatsokomola ikamasintha giya pa kamtunda ka kumsika.

Malamulo apamsewu amuna anga ankawasunga kuposa mmene ine ndimasungira a kusukulu. Katundu asapitirire pa sikelo, pepala la fitinesi likhale pagalasi, chozimira moto chisathe mphamvu, matayala asasalale. Lamulo loletsa malole kuyenda usiku litabwera anang'ung'udza sabata yathunthu, chifukwa linkawachititsa kugona panjira nyumba ili pafupi, koma sanaliswe ngakhale kamodzi. Ndikunena izi kuti mumvetse kuti munthu amene anakangana ndi wapolisi tsiku lija sanali wosadziwa malamulo.

Iwo ndi amene anandipempha kuti ndilembe. Anati malole a anzawo onse ali ndi mawu kumbuyo, yawo yokha ikuyenda duu ngati ya munthu wopanda abale, ndipo popeza anakwatira mphunzitsi sangakalipire wolemba zikwangwani. Ankafuna ndilembe kuti Mulungu ali nane. Ndinawauza kuti mawu amenewo ali pa minibasi iliyonse, ngakhale pa ngolo za ng'ombe, andisiye ndiganize anga. Iwo anapita kumsika kukafuna wowotcherera chitsulo, ine n'kutsala ndi chitini changa cha penti.

Chitseko chakumbuyo kwa lole chinali cha matabwa ong'aluka, penti ikanangomira m'ming'alu. Koma m'munsi mwake munali chitsulo chachitali chosalala, cha mizere yofiira ndi yachikasu. Mphunzitsi akaona malo osalala amaona bolodi. Ndinagwada pansi, ndinayeza ndi chingwe kuti zilembo zisapendekeke, n'kulemba zilembo zikuluzikulu kuyambira uku mpaka uko: AMBUYE M'BWEZENI. Linali pemphero langa, osati lawo. Ndinkatanthauza kuti kulikonse kumene munthu uyu apite, mumubwezere kwa ine.

Atabwerako anaima kumbuyo kwa lole nthawi yaitali, manja ali m'chiuno.

"Ba ticha, mwalemba pa shevuloni," anatero.

"Manje n'chani? Sizinaoneke bwino?"

"Zaoneka bwino maningi."

Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti chitsulocho chimanyezimira chikawalidwa ndi nyali za galimoto yobwera kumbuyo, ndipo lamulo limafuna chikhale choyera, chopanda chotchinga. Ndinachita manyazi, ndinati ndibweretse palafini tifufute penti isanaume. Anandigwira dzanja. Anati fumbi la m'chigwa muno limakwirira chilichonse, pofika Lolemba palibe amene adzaone. Ine ndinasangalala kumva choncho, ndipo sindinaumirire.

Madalaivala anzawo anaona fumbilo lisanakwirire, ndipo anawaseka mpaka misozi. Kwa iwo kubwezedwa ndi mawu oipa. Munthu amabwezedwa pa sikelo katundu akalemera, amabwezedwa pa lodibuloko pepala likasowa. Ankati mkazi wako wakulembera kalata yopita kwa apolisi, akangowerenga adzakubweza ndithu, ndipo mpaka anayamba kuwaitana dzina loti M'bwezeni. Amuna anga ankangomwetulira. Miyezi itatu inadutsa popanda vuto, chifukwa fumbi linagwira ntchito yake ndipo apolisi a njira imeneyo ankawadziwa kuti ndi munthu wa mapepala okwanira.

M'nyumba mwathu munali mkangano umodzi umene sunkatha, ndipo unkadzuka chaka chilichonse kukayamba kutentha. Boma linaika tsiku loti dziko lonse lizipemphera ndi kusala kudya, maofesi ndi masukulu n'kutsekedwa. Ine zimenezi zinkandiyabwa. Sikuti sindipemphera, ndimaimba kwaya ndipo Lamulungu simungandipeze pakhomo. Koma ndinakulira m'nyumba ya mkulu wa mpingo amene ankati munthu akakulamula kugwada ndiye kuti wagwadira iyeyo, ndipo maganizo amenewo anandilowa m'magazi. Kusukulu nakonso tinali ogawikana. Ena ankati dziko linalengezedwa kuti ndi lachikhristu, tsono chodabwitsa n'chiyani. Mnzathu wina, amene mpingo wake sulola kusakaniza mapemphero, ankangowerama nkhani ikayamba, ndipo ine ndinkapsa mtima m'malo mwake.

Amuna anga anali mbali inayo, ndipo sankasuntha.

"Imwe mukhala m'kalasi," ankatero. "Ine nimatsika phiri na matumba kumsana, mabuleki akununkha. Manje boma ikafuna kunipempherera, nikane?"

"Likonze msewu wa ku Chikwa. Kupemphera tipemphera tokha."

"Ichite zonse ziwiri."

"Lero likutiuza tsiku. Mawa litiuza tchalitchi, mkuja litiuza nyimbo."

"Ba ticha, Chiuta sayang'ana kuti wakutuma ndani. Amamvera chabe."

Tinkakangana choncho mpaka ndiwo kuzizira, wina osagonja, kenaka n'kuseka. Ndimaukumbuka mkangano umenewo monga mmene ena amakumbukira nyimbo za paukwati wawo. Panopa ndilibe wokangana naye.

Chaka chimenecho tsikulo linagwa Lachisanu. Kunabwera kalata yoti aphunzitsi tidzaperekeze ana ku bwalo la paboma, atavala yunifolomu. Ine ndinapita kwa ahedi kukapempha chilolezo chokaona amayi ku Chipata, amene mwendo unkawavuta. Mwendowo unkawavutadi, koma Mulungu akudziwa kuti ndinkathawa mapemphero a boma. Amuna anga anali ndi ulendo wa mpunga Lachinayi, wofunika kufika kwa wogula tsiku lomwelo, ndipo mwini lole anavomera kuti ndikwere nawo.

M'mawa wa Lachinayi, iwo akumanga zingwe pa katundu, ine ndinatenga ndowa ndi chiguduli. Ndinaganiza kuti sindingalowe mu Chipata, kwathu, pa lole yauve chonchi, komanso ndinkafuna abale anga aone zimene ndinalemba. Ndinatsuka magalasi, zitseko, kenaka chitsulo chija mpaka zilembo zanga zinawala mbee. Amuna anga anali pamwamba pa matumba, sanaone.

Ulendo unali wokoma, ndisaname. Aka kanali kachiwiri kokha kukwera nawo ulendo wautali. Fungo la mpunga watsopano linkalowa m'kabini, tinkagawana nzimbe, ndipo ankandionetsa malo amene ankangowatchula kunyumba: apa ndi pamene ndinatitimira masiku awiri, apo ndi pamene njovu inandiimitsa. Tikukwera phiri kuchoka m'chigwa mphepo inayamba kuzizirira, ine n'kumaona mmene manja awo ankagwirira chiwongolero mosadzionetsera. Ndinadziuza kuti ndinakwatiwa bwino.

Cha m'ma thili koloko, titayandikira Lundazi, tinapeza lodibuloko. Panali wapolisi wachikulire wamagalasi amene amuna anga sankamudziwa. Anaona laisensi, anaona mapepala, anagogoda matayala, n'kuzungulira kumbuyo. Atachedwa kumeneko amuna anga anatsika, nane ndinatsatira.

"Ba draiva, analemba apa ndani?" anafunsa wapolisiyo.

Amuna anga anayang'ana chitsulo chotsukidwacho, kenaka anayang'ana ine. Sanandiulule.

"Ni pemphero, bwana," anatero.

"Naona kuti ni pemphero. Koma ili pa malo olakwika. Tengani mpeni mupale, muzipita. Sinikulemberani mlandu."

Munthuyo anali wachifundo, ndipo zimenezi ndimazinena kulikonse. Ntchito yake inali ya mphindi khumi. Ine ndinali nditayamba kale kufunafuna mpeni umene tinkasendera nzimbe. Ndiye ndinamva amuna anga, munthu amene sanayankhepo wapolisi mwamwano chibadwire, akuti:

"Siningapale."

"Mwati bwanji?"

"Dziko ino ni yachikhristu. Boma inakamba yeka. Boma yatiuza tonse tipemphere mailo Lachisanu, manje lero boma imodzimodzi iniuza nipale dzina la Ambuye? Nimvere iti?"

Madalaivala ena amene anaimitsidwa anayamba kuyandikira, ena akuvomereza, ena akuseka. Wapolisi uja anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya.

"Tate wanga, ine ndine mkulu wa mpingo," anatero mofatsa. "Mailo nizakhala kutsogolo pa mapemphero. Koma wa minibasi amene abwera kumbuyo kwanu mumdima sawerenga pemphero, afuna kuona kuwala. Akalowa pansi pa lole yanu na anthu, tizakamba kuti chani? Palani."

"Palani, bambo, chonde," ndinatero ine, ndikuwakoka malaya. "Akunena zoona."

Anandichotsa dzanja. Anayamba kulalikira pamsewu, thukuta lili kamukamu, za boma lamilomo iwiri, za dziko lopemphera pa wailesi pokha. Chondipweteka n'chakuti theka la mawuwo anali anga, a m'mikangano yathu ya kunyumba, atangowatembenuza kuti awathandize. Wapolisi anawapatsa mpata katatu. Kachitatuko atakana, anatulutsa buku lake, nalemba kuti lole siyoyenera kuyenda pamsewu, ndipo inakaimikidwa kumpanda wa apolisi ndi mpunga wake womwe.

Apa ndi pamene tsiku la mapemphero linatiluma tonse awiri. Woti asaine kuti lole ituluke anali ataweruka. Lachisanu maofesi anali otseka chifukwa dziko linali kupemphera. Kenaka Loweruka ndi Lamulungu. Lole yoti ikanafika Lachinayi madzulo inayenera kudikira Lolemba, ndipo wogula mpunga sanadikire, anakatenga kwa wina. Mwini lole anaimba foni kasanu, ndipo mawu ake ndinkawamva ndili patali.

Lachisanu masana tinakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mpanda uja, tikuyang'anira katundu. Kuchokera ku bwalo la m'tauni zimkuzamawu zinkabweretsa nyimbo ndi maulaliki. Ndinali ndisanawayankhule chiyambire dzulo lake. Mtima utadzaza ndinaphulika.

"Mwaona boma lanu lopemphera? Likupemphera, inu ntchito ikutha. Munayamba liti kukhala mlaliki? Kamba ka penti ya zitseko!"

Anatola kamtengo n'kuyamba kukathyolathyola.

"Zaka zonse izi mulemba," anatero pamapeto pake, osandiyang'ana. "Mulembera ana a eni ake, mulembera ahedi, mulembera amayi anu. Ine simunanilemberepo ngakhale kakalata. Ni paja peka."

Zinali zoona. Tili pachibwenzi tinkakhala boma limodzi, panalibe chifukwa cholemberana, ndipo mafoni atabwera iwo sankakonda mauthenga, ankangoimba.

"Nikagona panjira nimapita kumbuyo, napukuta pang'ono na chala, nawerenga," anapitiriza. "Manje nitenge mpeni nipale na manja anga?"

"Nanga bwanji simunamuuze choncho wapolisi uja? Mwina akanamva."

Apo anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Nikambe kuti ni mkazi wanga, pamaso pa madraiva onse aja? Yayi. Bola kukamba za boma."

Ndinaseka, kenaka ndinalira, ndipo anthu odutsa ankaganiza kuti mapemphero andikhudza.

Lolemba lole inatuluka ataikapo chitsulo chatsopano. Chakale chija wowotcherera anachiponya pa mulu wa zitsulo zotha ntchito, ndipo ine, ndi ukali umene unali usanathe, sindinachipemphe. Kwa amayi ndinakafika mochedwa ndipo sindinawauze chilichonse.

Mwini lole sanawachotse ntchito, chifukwa dalaivala wosaba mafuta sapezeka wamba. Anachita china chimene kwa ine chinali chowawa koposa. Anati msewu wa ku Chama wawazoloweretsa, ayamba kuyenda ndi akazi ndi kutsegula tchalitchi pa lodibuloko. Anawapatsa lole yaikulu ya ngolo yaitali, yopita kumalire a kumpoto mpaka kudoko la kunyanja yamchere, ndipo njira ya ku Chama anaipereka kwa wina. Anzawo ankawayamikira kuti akwezedwa. Ine ndinawalongedzera zovala, bulangete, kapoto ndi mbaula, ndikudziwa kuti ndalowa m'gulu la akazi aja ndinkawamvera chisoni.

Tsopano amabwera kawiri, mwina katatu pachaka. Amatha masabata ali pa mzere wa malole kumalire, kudikira mapepala, akuphika pansi pa ngolo. Akapeza tchuthi amabwera pa basi ngati mlendo, atanyamula kachikwama, ndipo masiku awiri oyamba amangogona. Kampani imene amanyamulira katundu siilola cholembedwa chilichonse pa lole, ngakhale kachikwangwani. Ndinalemba kalata yopempha kuti andisamutsire ku sukulu ya kufupi ndi msewu waukulu umene amadutsa, ndipo yankho ndikulidikirabe.

Ndimawasowa, ndipo sindichita manyazi kunena. Ndimasowa fungo la dizilo pa malaya amene ndinkadandaula kuti akundithera sopo. Ndimasowa kudzutsidwa m'mamawa ndi injini ikutenthetsedwa pakhomo, zimene ndinkati zikundichititsa manyazi kwa aneba. Pamene lole inkaima pamera udzu, ndipo mbuzi za eni ake zimadzadya pomwepo. Lachisanu ndimachedwa dala kusukulu, kusesa m'kabati, kukonza mabuku okonzedwa kale, kuti ndisafike msanga m'nyumba yopanda munthu. Ndinayambanso kuwalembera makalata enieni, a papepala. Ndilibe kowatumiza, chifukwa munthu wokhala m'lole alibe adiresi, choncho ndimawasunga m'kabati mpaka abwere.

Chaka chotsatira kutentha kutayamba, kalata ija ya mapemphero inabweranso. Ulendo uno ndinalibe kothawira, ndipo ndinalibe lole yoti ndikwere. Ndinafoletsa ana a m'kalasi mwanga awiriawiri mpaka ku bwalo la paboma. Kunali matenti a akuluakulu, mipando ya abusa, ife ndi ana tili padzuwa. Ndinaima kumbuyo nditapinda manja pachifuwa, nditatsimikiza kuti ndabwera ngati wantchito wotumidwa basi. Akuluakulu anayankhula, makwaya anaimba, abusa anasinthana kupempherera mvula, atsogoleri ndi mtendere. Ine ndinkangowerenga mitu ya ana kuti wina asazembe, ndipo maganizo anga pa nkhani ya boma ndi mapemphero anali asanasinthe ngakhale pang'ono. Mpaka lero sanasinthe.

Kenaka m'busa wina wokalamba anati tsopano aliyense atseke maso, auze Mulungu chake chamumtima, mwakachetechete. Bwalo lonse linati zii. Kumsewu kunadutsa lole, sindikudziwa ya yani, ndipo ndinatseka maso. Sindinapeze mawu aulemu a m'tchalitchi. Ndinangoti ndatopa, ndikuwafuna amuna anga, ndalakwa ndine, chitanipo kanthu. Ndinapemphera pa tsiku la boma, pa bwalo la boma, pa ola limene linalembedwa m'kalata ya boma, misozi ikutsikira m'khosi, ndipo sindinasamale kuti wandituma ndani.

Dzuwa litapendeka anaimba foni ali kumalire, kumbuyo kukumveka mainjini.

"Ba ticha, munapita ku mapemphero?"

"Ndinangoperekeza ana."

"Nikudziwani imwe," anatero akuseka. "Simungagonje."

Ndinawasiya akhulupirire choncho. Ndinawafunsa ngati adya, anati adya. Ndinawafunsa ngati msana ukuwavutabe, anati pang'ono. Kenaka ndinafunsa chimene ndinkaopa kufunsa, kuti abwera liti. Ndinawamva akuwerenga motsitsa mawu maulendo amene atsala.

"Nizafika mvula ikatha," anatero.

Ndinayang'ana kumwamba. Kunalibe ngakhale kamtambo, mvulayo inali isanayambe n'komwe.